Tikumwetsa Mkaka Kachilombo

Lero ndabwera ndi mkwiyo. Amene mwatsegula tsamba lino kuti muwerenge ndakatulo zachikondi mundikhululukire, zimenezo zibwera sabata yamawa. Bandulo yanu siipita pachabe, kungoti mumva ngati mwakalipidwa pang'ono.

Sabata yatha ndinali pa depoti ku Limbe, kudikira minibasi ya ku Phalombe kuti idzaze. Mukudziwa mmene zimakhalira, kondakitala kumangoti "watsala mmodzi" kwa ola lathunthu. Kenaka panafika bambo wina wa jekete, chikwama kukhwapa, n'kuyamba kulalikira pa windo. Osati za Mulungu ayi. Za ufa wina wake wa m'kabotolo. Ufawo akuti umachiza shuga, BP, nyamakazi ndi kusabereka, ndipo "alsazi imatha m'masiku atatu okha". Atangotchula alsazi, manja anayi anakwera m'mwamba. Mayi amene anakhala pafupi nane anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka ndalama yomwe ndikukhulupirira kuti inali ya ndiwo.

Ndinawafunsa kuti, "Mayi, alsaziyo anakuyezani kuti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Kuyeza chani achimwene? Ndimangodziwa. M'mimba mukamawotcha nde alsazi imeneyo. Ndi maganizo basi."

Ndimangodziwa. Mawu amenewa ndi amene anatsala pang'ono kundiikitsa mng'ono wanga m'manda.

Ifetu alsazi tinaisandutsa mfunda. Ku sekondale theka la hostel linali ndi alsazi, makamaka tsiku la nyemba zofumbwa. Pa WhatsApp munthu amaika sitetasi ya kapu ya mkaka, pansi n'kulemba kuti "alsazi yandiyamba", ife n'kuikapo ka emoji kolira, basi tadutsa. Palibe amafunsa kuti chilonda chabwera bwanji m'mimba mwa munthu wa zaka 22. Yankho tinaloweza kale: maganizo, kudumphitsa chakudya, tsabola, zakumwa za gasi. Mankhwala ake tinalowezanso: mkaka, mapilitsi otafuna aja, omeprazole wogula mmodzimmodzi, ndi ufa wa bambo wa jekete.

Zambiri mwa zimenezi ndi bodza, ndipo ndi bodza lodula. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo. Kachilomboko kali ndi dzina, kamayezedwa, ndipo kamafa ndi mankhwala a masabata awiri. Ife m'malo mokapha tikukamwetsa mkaka.

Mabuku anayi osokerera ndi ulusi

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Michesi. Mng'ono wanga mpaka sitandade 3 anali mwana ngati ana ena onse, wothamanga, wakuba mango, wosamva. Kenaka anayamba kudwaladwala. Chibayo chaka ndi chaka, nthawi zina kawiri. Makutu otuluka mafinya. Chimfine chosadziwa nyengo. Kutsekula m'mimba kwa masabata. Kabuku kake ka kuchipatala katadzaza, amayi anagula kena n'kukasokerera ku koyambako ndi ulusi wakuda. Pomwe ankakwanitsa zaka 20 mabukuwo anali anayi, mtolo wonenepa ngati buku la nyimbo la kutchalitchi.

Paliponse pamene tinkapita naye, funso loyamba linali limodzi: "Munamuyezetsa magazi?" Tonse tikudziwa magazi ake ati. Anamuyeza HIV. Alibe. Anayeza amayi. Alibe. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Ndinadzawerenga ndekha m'mabukumo, anamuyeza kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konseko analemba kuti alibe.

Kumudzi nkhani inagawikana pawiri. Ena ankati banja lathu likubisa. Ena ankati alipo akudziwapo kanthu. Azakhali anamutenga ulendo wa kwa sing'anga, anabwerako ndi mphini pachifuwa ndi nkhuku imodzi yochepa m'khola. Agogo ena oyandikana nafe, omwe anatiphikirapo kalongonda tili ana, anthu anasiya kuwapatsa moni. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti nanenso ndinawalambalalapo panjira.

Ali ndi zaka 23 m'mimba munayamba. Kuwotcha pansi pa chifuwa, makamaka usiku, kugeya, kukhuta atangodya mbamu ziwiri. Apa tonse tinapumira m'mwamba, chifukwa tsopano anadwala matenda omwe timawadziwa. "Aaa, alsazi iyi." Ine ndemwe, wophunzira wa pakhomopo, ndinkamutumizira ndalama ya mkaka mwezi ndi mwezi, n'kumamulangiza pa foni kuti achepetse maganizo. Zaka ziwiri zathunthu.

Kachilomboko ndi aka

Dzina lake ndi Helicobacter pylori, mwachidule H. pylori. Ndi bakiteriya wopotana ngati chotsegulira botolo, ndipo amakhala m'chifu, malo amene kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti simungakhale chamoyo chifukwa cha asidi. Kachilomboka kali ndi nzeru zake. Kamaboola n'kubisala m'mamina amene amakuta khungu la chifu, n'kumatulutsa mankhwala ofooketsa asidi pamalo pomwe kakhalapo. Kakakhazikika sikachoka kokha. Kamatupitsa khungulo pang'onopang'ono kwa zaka, chotchinga chija n'kufooka, asidi n'kuyamba kudya mnofu wa mwini wake. Chilonda chija n'chimenecho.

Musaganize kuti umbuli wa "ndi maganizo" ndi wathu wokha. Azungu nawonso ankaphunzitsa zomwezo m'masukulu a udokotala, n'kumalembera odwala mkaka ndi kupuma. Zinasintha mu 1982 mumzinda wa Perth ku Australia, pamene madokotala awiri, Robin Warren ndi Barry Marshall, anakwanitsa kukuza kachilomboka mu labu kuchokera m'zifu za odwala. Anzawo sanawakhulupirire. Mu 1984 Marshall anatenga madzi odzaza ndi tizilomboti n'kumwa yekha. Patangopita masiku ochepa anayamba nseru ndi kusanza, ndipo atamuunika anapeza chifu chake chatupa, tizilombo tili momwemo. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Werengani bwino zakazo. Nkhaniyi inadziwika ambiri a inu musanabadwe, koma pa depoti ya Limbe sinafikebe.

Pafupifupi theka la anthu a padziko lonse ali nako kachilomboka, ndipo kuno ku Africa ndi pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse. Ambiri sadwala, amakalamba nako osadziwa. Koma pafupifupi mmodzi mwa khumi amachita chilonda, ndipo ochepa mwa iwo amadzadwala khansa ya m'mimba. Mu 1994 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inakaika m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, gulu lomwe mulinso fodya.

Chachiwiri chimene chimaboola zifu zathu chilinso pa shelefu ya golosale: mankhwala opha ululu monga brufen, aspirin, indocid ndi diclofenac. Aise wa kabaza amene umamwa awiri m'mawa uliwonse m'mimba mulibe kanthu kuti msana ulole, ukukumba dzenje. Fodya ndi kachasu zimakulitsa dzenjelo. Tsabola ndi maganizo zimatha kuwonjezera ululu pa chilonda chomwe chilipo kale, koma sizomwe zimachikumba. Nanga mkaka? Umaziziritsa kwa kanthawi, kenaka umachititsa chifu kutulutsa asidi wina. N'chifukwa chake umamwa lero, mawa n'kufunanso.

Timakatenga tili ana, pakhomo pathu pomwe. Kamadutsa m'malovu, m'masanzi, m'manja osasamba bwino pochokera kuchimbudzi, ndi m'madzi oipa. Ganizirani mmene tinakulira: beseni limodzi losambira m'manja, akulu kuyamba, ife ana kumalizira m'madzi ofiira. Kapu imodzi pa ndowa. Agogo kutafunira khanda chakudya mwachikondi. Ganiziraninso za boma lathu lino, lomwe napolo wa mu Malichi 1991 anakokolola midzi kuchokera ku Michesi, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa zimbudzi, kudzaza zitsime ndi matope, n'kutiunjika m'makalasi a sukulu. Sindikunena izi kuti wina achite manyazi. Kukhala ndi H. pylori si uve wa munthu mmodzi. Ndi mbiri ya madzi amene dera lonse lakhala likumwa.

Khomo lachitatu

Tsopano ndibwerere ku mtolo wa mabuku uja, chifukwa mkwiyo wanga waukulu uli pamenepo.

M'Chichewa chathu cha masiku ano, mawu oti "chitetezo cha m'thupi chatsika" ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Sitingadabwe. Edzi inatitengera makolo, azakhali ndi aphunzitsi, ndipo dziko linachita bwino kutiphunzitsa za kachilombo kaja mpaka mwana wa sitandade 5 amadziwa za asilikali a m'thupi. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Zimenezo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Koma phunzirolo linatisiyira makomo awiri okha. Munthu akamadwaladwala, kaya ndi HIV, kaya ndi ufiti. Khomo loyamba likatsekeka timathamangira lachiwiri, ndipo kuseri kwa lachiwirilo nthawi zonse kumakhala nkhalamba ina yosauka yoti tiiloze chala.

Khomo lachitatu lilipo. Pali anthu amene chitetezo chawo n'chopelewera mwachibadwa. Sanachitenge kwa munthu, sangapatsire munthu pogonana kapena podyera limodzi, ndipo palibe anawalodza. Thupi lawo linangopangidwa mosowa chida china. Madokotala amati primary immunodeficiency, ndipo mitundu yake yodziwika ndi yoposa 400. Dokotala wina wa ku America, Ogden Bruton, anafotokoza umodzi mwa mitundu yoyambirira mu 1952, atapeza mnyamata wa zaka 8 yemwe ankangodwala chibayo ndi matenda ena obwerezabwereza chifukwa magazi ake analibe ma antibody. Ma antibody ndi ngati mivi imene asilikali a m'thupi amasula kuti alase kachilombo kalikonse malinga ndi mtundu wake.

Mitundu ina ndi yoopsa kwambiri moti khanda silifika chaka popanda chithandizo chapadera. Ina ndi yofatsa moti munthu amakalamba osadziwa. Pakatikati pali wina wotchedwa CVID, umene nthawi zambiri suonekera pa ukhanda. Umadzayamba munthu ali mwana wamkulu, wachinyamata, ngakhale ali ndi banja kale. Asilikali alipo, koma mivi akusula yochepa. Zotsatira zake ndi chibayo chobwerezabwereza, makutu, mphuno, kutsekula m'mimba kosatha. Mwamva mndandanda umenewu penapake, eti?

M'mayiko amene amawerenga odwala otere, CVID imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 25,000 mpaka 50,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinali 17.5 miliyoni, ndipo Phalombe yokha inali ndi anthu oposa 400,000. Chitani masamu nokha. Ngakhale titatenga chiwerengero chotsikacho, tikunena za anthu mazanamazana m'dziko muno, a mtundu umodzi wokhawu. Ali kuti? Ali m'midzi ndi mitolo ya mabuku osokerera, mphini pachifuwa, akuyezedwa HIV kachisanu ndi chitatu. Ena tinaika kale, pamaliro n'kumanong'onezana kuti "ankabisa".

Pamene kuyeza kunanama

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zikukumana, ndipo ngati mwatopa kuwerenga, ndime izi zokha musadumphe.

Chaka chachiwiri cha mkaka chili pakati, mnzanga wina anandiuza za H. pylori. Ndinamutengera mng'ono wanga ku kiliniki ina yolipira m'tauni. Anamubaya chala, kudontheza magazi pa kachida, kudikira mphindi zingapo. "Mulibe. Ndi maganizo awa, achepetse kuganiza." Tinalipira, tinathokoza, tinagula mkaka wina pobwerera.

Patapita miyezi isanu amayi anandiimbira usiku. Chimbudzi chake chinali chakuda bii ngati phula la pamsewu, chonunkha modabwitsa, kwa masiku atatu, ndipo iye sanauze munthu chifukwa cha manyazi. Usiku umenewo anasanza magazi n'kukomoka pakhonde. Anamunyamula pa njinga yamoto, wina kutsogolo wina kumbuyo iye pakati ngati thumba la nandolo. Anamuika magazi, n'kumutumiza ku chipatala chachikulu, komwe anamulowetsa kapaipi ka kamera kukhosi. Chilonda chinali pomwepo, chikuchucha. Anatapako kanyama pang'ono kukayeza. H. pylori analimo.

Ndinafunsa dokotala wamkazi amene ankamuona kuti zatheka bwanji, poti tinayezetsa ndipo anati mulibe. Sanandiyankhe msanga. Anapempha mabuku aja. Anakhala pansi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, kuyambira sitandade 3. M'zaka zoposa khumi ndi zisanu, anali munthu woyamba kuwerenga mtolo wonsewo m'malo mongotsegula tsamba lopanda kanthu n'kulembapo. Atamaliza anati akufuna ayeze kuchuluka kwa ma antibody m'magazi ake. Zinatenga masabata ndi ndalama zomwe tinachita kusonkherana pachibale. Zotsatira zinabwera: anali otsika kwambiri.

Kenaka anandifotokozera chimene ndikufuna nanunso mumve. Kuyeza kwa magazi a pachala kuja sikufufuza kachilombo. Kumafufuza ma antibody amene thupi lapanga polimbana nako. Kuli ngati kufuna kudziwa ngati kunabwera wakuba usiku pofunsa aneba kuti, "Munamva agalu akuuwa?" Pakhomo pamene pali agalu, funsolo limathandiza. Koma pakhomo pa mng'ono wanga panalibe galu. Wakuba analowa, anakhazikika, ankadya ndi kugona momwemo, ndipo kunja kunali zii.

Choncho munthu amene chitetezo chake n'chopelewera mwachibadwa amapwetekeka kawiri. Koyamba, kuyeza kofala kwambiri, kotchipa kuja, kumatha kunena kuti alibe pamene ali nako. Kachiwiri, kachilomboka kakakhalitsa mwa iye kamawononga khungu la chifu kwambiri, ndipo anthu a CVID chiopsezo chawo cha khansa ya m'mimba n'chokwera kangapo kuposa anthu ena. Amene akufunika kwambiri kuti kachilomboka kapezeke msanga ndi yemweyo amene kuyeza kumamuphonya.

Ngakhale kwa inu a chitetezo chabwinobwino, kuyeza magaziku kuli ndi vuto lake. Ma antibody amatsalira m'magazi kwa miyezi kapena zaka kachilombo katafa kale, ndiye mukhoza kumangouzidwa kuti "kakadalipo" n'kumamwa mankhwala obwereza pachabe. Kuyeza kumene kumafufuza kachilombo kenikeniko ndi kwa chimbudzi, kwa mpweya wopuma, kapena kwa kanyama kotapa pounika ndi kamera. Kwa chimbudziko kachida kake kamafanana ndi kaja koyezera malungo. Inde, muyenera kupereka chimbudzi m'kabotolo kwa munthu amene mwina munaphunzira naye. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ndikudziwa zomwe muyankhe

Wina alemba m'munsimu kuti, "Aise, ukukamba za ku Ulaya. Kuno ukapita kuchipatala amangokupatsa panado." Ndakhalapo pa mzere umenewo, sindikutsutsa kuti mankhwala amasowa. Koma taonani chimene chimapha H. pylori: omeprazole yemwe mukumwa kaleyo, kuphatikiza maantibayotiki awiri, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, amene timamudziwa kuti flagyl, kwa masiku 14. Si mankhwala ochokera kumwezi. Werengerani ndalama za mkaka, mapilitsi otafuna ndi ufa wa m'mabotolo zimene mwawononga zaka zitatu zapitazi, muone ngati sizikanakwana kuyezetsa ndi kuchira.

Koma chonde, musawerenge ndime imeneyi n'kuthamangira ku famase kukadzilembera nokha. Ndi khalidwe lomwelo la makapisozi awiri lero, awiri mkucha, limene laphunzitsa tizilomboti kupirira mankhwala. Flagyl timamumwa ngati maswiti tikangomva m'mimba kulira, ndipo m'madera ambiri a Africa H. pylori sakumumvanso bwino. Mu 2017 WHO inaika H. pylori wosamva clarithromycin pa mndandanda wa tizilombo tofunika mankhwala atsopano mwachangu. Mukamwa theka n'kusiya chifukwa ululu watha kapena m'kamwa mukuwawa, mwapha tofooka n'kusiya tolimba.

Wina ati, "Agogo anga anachira alsazi ndi zitsamba." Ululu wa chilonda umabwera n'kupita wokha, masabata ena kuwawa, miyezi ina zii. Chilichonse chimene munamwa sabata imene ululu unkapita kale chimalandira ulemu waulere. Bambo wa jekete amadya pamenepo. Ine sindinyoza mitengo, mankhwala ambiri a kuchipatala anachokera ku mitengo. Ndikunyoza munthu amene akugulitsa botolo limodzi la matenda asanu ndi awiri kwa mayi amene sanamuyeze, podziwa kuti minibasi ikanyamuka sadzaonananso.

Wina wophunzira ati, "Dziko losauka ngati lino, malungo ali apo, kolera ali apo, TB ili apo, tizitaya nthawi ndi matenda a munthu mmodzi pa 25,000?" Funso labwino, ndipo ndiliyankha ndi masamu omwewo. Mng'ono wanga anagonekedwa kangati ndi chibayo? Anatha mabotolo angati a diripi, majakisoni angati, tizida tingati toyezera HIV, mapaketi angati a magazi usiku uja? Boma linalipira kale matenda ake, kungoti linalipira osawadziwa dzina. Kuwerenga mabuku ake kunatenga theka la ola. Kusawerenga kunatenga zaka khumi ndi zisanu.

Zoona, chithandizo chenicheni cha CVID, chomwe ndi kumuika munthu ma antibody ochokera m'magazi a anthu ena mwezi ndi mwezi, n'chodula moti banja ngati lathu silingachifike. Koma dzina lokhalo linasintha zambiri. Tsopano akangoyamba kutsokomola sadikira sabata. Amamwa mankhwala oteteza amene anamulembera. Madzi ake ndi owiritsa kapena othira klorini. M'mimba mwake amamuyang'anira mwapadera. Ndipo agogo oyandikana nafe aja anthu anayambiranso kuwapatsa moni, ngakhale palibe anapita kukapepesa kupatula amayi.

Amene ndikuwaloza chala

Choyamba ndikudziloza ndekha, ndi inu anzanga a mafoni m'manja. Timatha maola tikutsutsana za mpira wa ku England, timadziwa malipiro a osewera mpaka kobiri lomaliza, koma dzina la kachilombo kamene kali m'mimba mwa anthu 7 mwa 10 pa gulupu yathu sitilidziwa. Kumudzi amatitenga ngati ophunzira. Tikanena kuti "ndi maganizo", amayi amakhulupirira chifukwa wanena ndi mwana wa ku koleji. Umbuli wovala taye ndi woopsa kuposa wa sing'anga.

Chachiwiri, inu a zovala zoyera. Ndikudziwa kuti mzere umafika pa mtengo wa mango panja ndipo muli awiri okha. Koma munthu akakupatsani mabuku osokerera ndi ulusi, ulusiwo ukulankhula. Chibayo kawiri kapena katatu pa chaka, makutu osauma, kutsekula m'mimba kosatha, mwana wosakula, m'banja momwe ana ena anamwalira aang'ono ndi matenda osadziwika, HIV palibe: imani kaye, ganizirani khomo lachitatu, mutumizeni kwa akuluakulu. Ndipo munthu wotere musamutsimikizire kuti alibe H. pylori ndi magazi a pachala.

Chachitatu, aphungu ndi makhansala athu. Phalombe tsopano ili ndi chipatala chachikulu cha boma ku Migowi, pambali pa Holy Family yomwe yatisunga zaka zambirimbiri. Nyumba tili nazo. Tsopano menyerani nkhondo zam'katimo. Kuyeza H. pylori m'chimbudzi kuzipezeka mwezi uliwonse, mankhwala onse atatu azipezeka pamodzi, ndipo anthu azimva pa wailesi kuti zilonda za m'mimba zimachizika. Wofunika kuunikidwa ndi kamera azitumizidwa ku Queens ku Blantyre asanasanze magazi, osati atasanza. Mijigo imene inafa ndi Freddy ikonzedwe, chifukwa mwana amene akumwa madzi abwino lero ndi amene sadzafuna mankhwala atatuwa mawa. Mabokosi a maliro mumagula, tikuthokoza. Yesaniko kugula zoletsa malirowo.

Ukatseka tsamba lino

Ngati m'mimba mwakhala mukuwotcha kwa masabata, pita kuchipatala ukatchule dzina: "Ndikufuna kuyezetsa H. pylori, ndipo ngati n'kotheka kwa chimbudzi." Uwauze mankhwala onse amene wakhala ukumwa, chifukwa omeprazole ndi maantibayotiki amatha kubisa kachilomboka pa kuyezako. Nthawi zambiri amafuna kuti papite masabata awiri usanamwe omeprazole, ndi anayi usanamwe maantibayotiki. Akakupeza nako, maliza masiku onse. Pakapita mwezi ukayezetsenso kuti utsimikize kuti kafa. Siya brufen wa m'mimba yopanda kanthu. Safunsa anadya phula.

Koma ukaona chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi kapena ooneka ngati khofi, kuwonda kosadziwika chifukwa, chakudya kukakamira pomeza, kusanza kosalekeza, maso ndi zikhatho kuyera, kapena ululu wadzidzidzi mimba n'kuuma gwa ngati thabwa, imeneyo si nkhani ya mawa. Nyamuka nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndipo ngati kwanu kuli munthu wa mtolo wa mabuku, amene anayezedwa HIV mpaka anatopa, khala naye pansi muwerenge mabukuwo limodzi. Lembani papepala limodzi matenda onse ndi zaka zake. Pepalalo mukapatse dokotala, n'kumufunsa mosaopa kuti, "Kodi sichingakhale chitetezo chopelewera chobadwa nacho?" Mwina sichimenecho. Koma funsolo lifunsidwe munthu ali moyo.

Mng'ono wanga anamaliza masiku ake 14, akudandaula tsiku lililonse kuti m'kamwa mukumveka chitsulo. Atamuyezanso, kachilombo kanali katapita. Khrisimasi yapitayi tinadya limodzi mpunga ndi matemba a ku Chilwa, iye n'kuthira tsabola wambiri dala akundiyang'ana. Atamaliza anati, "Achimwene, ndalama ya mkaka ija muzitumizabe, ndili ndi ntchito nayo ina."

Mayi a mu minibasi aja anatsikira pa Migowi, botolo la ufa lili m'chikwama. Ndinawalembera dzina la kachilomboka kuseri kwa lisiti, ndipo analipinda n'kuliika pa mfundo pomwe panali ndalama paja. Kwanu kulinso mayi ngati amenewo, ndipo nambala yawo muli nayo. Aimbireni lero.